Eda ya Mwanajuma

Matero, Lusaka
9 Juni 1996

Wokondedwa mng'ono wanga Gloria,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupeza uli bwino ku Francistown. Kuno tilipo, kupatula chifuwa chimene chimandigwira chaka chilichonse fumbi la Juni likayamba. Sunandiuze ngati dzino lija unakachotsa.

Nyumba yako ndikuisamala. Mapepala amene khonsolo inakupatsa utaigula ndinawakulunga m'mapulasitiki awiri, ali m'sutikesi ya malemu amayi. Katundu wako m'chipinda cha kuseri ali monga unamusiyira: mipando, firiji ndi makatoni asanu ndi limodzi. Loweruka lililonse ndimatsegula zenera ola limodzi kuti musachite nkhungu.

Nkhani yachisoni ndi ya Mwanajuma, mnzanga uja tinkakhala naye benchi limodzi ku pulaimale, amene anakusokera yunifomu yako yoyamba ya unesi. Amuna ake anamwalira pa 3 Meyi. Chitsekereni kampani ya boma imene ankagwirako, munthuyo sanakhalenso bwino. Tsopano Mwanajuma ali mu eda. Kwa anzathu Asilamu mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osapita kumsika, osapita kukacheza. Ndawerenga masiku 130 pa kalendala kawiri: ithera pa 10 Sepitembala, Lachiwiri. Nyumba ya ku Kanyama ija ndi ya alamu ake, ndipo anena kale kuti eda ikatha aikamo anthu a lendi. Mwana alibe. Malume ake, ba Mohamedi, akuti amutumiza ku Namwera, ku Malawi, kwa abale a amayi ake. Gloria, munthuyu anabadwira mu Kanyama momwemo. Malawi amangomumva pa wailesi, ngati ife.

Ndimapitako Loweruka masana kukamuwerengera buku. Bukulo ndinalipeza motere. Ndinagula nshawa, mtedza wokazinga uja, pa siteshoni ya minibasi, ndipo nditadya ndinayamba kuwerenga pepala lokulungira. Ndinatsika m'basi isananyamuke. Mayi wogulitsayo anali ndi buku lonse m'dengu, akung'amba kuyambira kumbuyo. Anati linatuluka m'thumba la jekete mu belo la salaula, zovala zakale zija zochokera kunja. Ndinamusinthitsa ndi mapepala akale a mayeso a Giredi 7. Lilibe chikuto, lilibe dzina la wolemba, ndipo lithera pa tsamba 188, lomwe lija la nshawa.

Wolembayo ndi mkazi, sindikukayika. Ndi wa anthu aja a ku Amereka amene makolo awo anachokera ku Mexico. Amalemba Chingerezi chosakaniza ndi Chisipanishi, monga ife tisakanizira Chinyanja ndi Chibemba, ndipo sapepesa. Nkhani yake ndi ya akazi awiri osoka mathalauza a jini m'fakitale. Maina awo anamuvuta Mwanajuma, ndiye anawatcha Mlongoti ndi Kafupi. Azungu amawauza kuti abwerere kwawo, akapita kwa agogo awo amasekedwa kuti sadziwa kuyankhula. Chaka chino chimene andale akufunsana kumene bambo a munthu anabadwira, ndinawerenga ndime imeneyo kawiri. Mwanajuma anangoti, “Aba ni ba mu Kanyama chabe.” Anaseka koyamba chichitikireni maliro.

Ndilembere msanga.

Ndine mkulu wako,
Edna


Francistown
30 Juni 1996

Ba sisi,

Muli bwanji? Ine nili bwino, dzino linachoka, manje nidya na mbali zonse. Kalata yanu nawerenga masiku yatatu pa nthawi ya tiyi. Mulemba monga lipoti ya ba inisipekita, mwandi. Firiji siifuna mphepo, isiyeni ipumule.

Va ba Mwanajuma vanimvesa chifundo. Muwapatse moni, muwauze kuti yunifomu ija nikali nayo ngakhale manje siinikwana. Ku Namwera mwina kuzakhala bwinoko kupambana Kanyama ya mvula. Kaya.

Buku yanu yanisekesa. Ba sisi, anthu bagula nshawa kuti badye, imwe mugula kuti muwerenge. Nafunsa ku laibulale ya kuno. Mayi wa pamenepo ati nimupatse dzina ya buku olo ya wolemba. Ninati ni buku ya Mlongoti na Kafupi, ananiyang'ana monga nathawa ku wodi. So mapeto muzapanga mweka, ndimwe ba ticha.

Nanga imwe muli bwanji zoona? Simunakambe va kusukulu. Bakulipirani? Kuno maticha ba ku Zambia ni bambiri, bonse banenepa.

Ndine wanu,
Gloria


Matero, Lusaka
14 Julayi 1996

Wokondedwa Gloria,

Zikomo chifukwa cha kalata yako, yatenga masiku khumi ndi awiri. Ndakondwa za dzino. Uzichukucha ndi madzi amchere mpaka pakhale bwinobwino.

Za kusukulu palibe chatsopano. Malipiro amachedwa, ana ndi makumi asanu ndi awiri m'kalasi, ndipo ena aleka chifukwa makolo awo anachotsedwa ntchito. Masiku ena ndimaima pa bolodi choko chili m'manja, osakumbuka chimene ndimafuna kulemba. Ndimamva ngati munthu wotsekeredwa.

Buku talimaliza dzulo. Ndikufotokozere, ndipo chonde uwerenge ndime iyi modekha. Fakitale ya majini itatsekedwa, Kafupi anatengedwa ndi amuna ake kupita ku minda ya anyezi, kutali, kwa apongozi. Mwamunayo kenaka anasowa, namusiya akuphikira anthu khumi ndi mmodzi. Wansembe anamuuza kuti apirire. Amayi ake omwe anamuuza kuti apirire. Kafupi sanalembe kalata yopempha chilichonse. Anangotumizira Mlongoti chithunzi, ataima pa mpanda, tsitsi litametedwa. Mlongoti ataona chithunzicho anatenga kalole ka mlongo wake osamuuza, nayendetsa masiku awiri m'chipululu, akuthira madzi mu injini pa mtunda uliwonse. Atafika sanatsike, sanapereke moni kwa apongoziwo. Anaimba hutala, natsegula chitseko cha mbali inayo, nati, “Kwera.” Tsamba 188 lithera pomwepo, injini ikulira. Zotsalazo anthu anadyera nshawa.

Chimene chandigwira m'bukuli si kulimba mtima kokha. Ndi chakuti wolembayo amaona ubwenzi wa akazi ngati chinthu chachikulu, chofanana ndi ukwati kapena ubale wa magazi. Ku koleji tinawerenga mabuku ambiri, koma sindikumbuka lina limene mkazi anayenda ulendo chifukwa cha mkazi mnzake. Ankayenda chifukwa cha mwamuna kapena mwana.

Mwanajuma anali akupinda siketi ya salaula, pakuti ntchito yake tsopano ndi yomweyo, kuchepetsa zovala za azungu. Anaimitsa makina, nati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso. Nditamaliza kachitatu anafunsa ngati ndikumasulira ndendende kapena ndikuwonjezera zanga. Ndinamuonetsa liwulo ndi chala, ngakhale Chingerezi sawerenga.

Ndakhala ndikuganiza, Gloria. Munthu amene ali ndi malo, akadziwa kuti wina wapanikizika, kodi ayenera kudikira kuti apemphedwe? Nanga wopanikizikayo akakhala wamanyazi? Iwe ukuona bwanji? Uganize bwino usanayankhe, koma usachedwe.

Ndine mkulu wako,
Edna

Ndaiwala: ndinayeza chipinda cha kuseri. Mipando itaimikidwa, bedi limodzi ndi makina osokera zingakwane pansi pa zenera.


Francistown
8 Ogasiti 1996

Ba sisi okondedwa,

Pepani kuchedwa, koma mukaona vili mu envulopu muzanikhululukira. Kalata yanu nawerenga kawiri, ninalira na kulira. Ba sisi, chifukwa chani simunakambe chabe? Kuzungulira konse uku na anyezi na malole! Namvera. Mlongoti ndine, Kafupi ndimwe. Nili na malo, ndipo sinizayembekeza kupemphedwa.

Masabata yawiri nakhala niyenda mu maofesi. Kuli sukulu ku Tutume ifuna ticha wa Chingerezi Januwale. Nakutumirani mafomu yawiri, ina ni yosungira mukalakwisa, ngakhale niziwa imwe simulakwisa. Mufunika makope ya masatifiketi, vithunzi vinayi na kalata ya ba hedi. Lole nilibe, koma basi ya ku Kazungula iliko.

Naona mwayamba kale kupima chipinda. Ni maganizo yabwino. Bedi yanu na makina ya ba mayo muike mwamene muja pamodzi na vinthu vanga, mukhome, nyumba yonse tiikemo munthu wa lendi.

Moni kwa ba Mwanajuma. Bakafika ku Malawi batilembere.

Ndine Mlongoti wanu,
Gloria


Matero, Lusaka
21 Ogasiti 1996

Gloria,

Moni. Kalata iyi ndapatsira ba Ketty, aja amapita kukaoda mabulangete, chifukwa positi sindikuikhulupiriranso. Anyamuka mawa ndipo alonjeza kukupatsa m'manja Loweruka.

Sunandimvetse, ndipo cholakwa ndi changa. Zikomo chifukwa cha mafomu ndi kuyenda konse unayenda, koma Kafupi si ine. Ndilemba mosazungulira. Ndikupempha chilolezo chako kuti Mwanajuma adzakhale m'chipinda cha kuseri eda yake ikatha. Mipando ndiimika ndi kuifunda nsalu. Firiji ndiisamutsira kuchipinda kwanga. Makatoni sindiwatsegula. Adzaphika m'miphika yakeyake chifukwa cha malamulo awo a zakudya, ndipo nkhumba sindidzagulanso. Ngati anthu a kutchalitchi angayankhule, ayankhule za ine. Ndinachita manyazi kupempha chifukwa nyumbayi unagula ndiwe, ine amene ndine mkulu ndinalephera.

Loweruka lapitali ba Mohamedi anabwera ku Kanyama ine ndili pomwepo. Si munthu woipa. Anakhala pa mpando wa malemu, chipewa chili pa bondo, nafotokoza kuti kwawo ku Chawama ali kale anthu khumi m'zipinda ziwiri, ndipo ntchito yawo yokhoma zidebe yafa chifukwa cha mapulasitiki otchipa. Anati mapepala a pa malire akonza kale. Kenaka anati, “Ine sindikakamiza. Ngati kuli kwina kokhala muno mu Lusaka, kwa anthu aulemu, anene lero.”

Mwanajuma sanayang'ane malume ake. Anayang'ana ine. Gloria, ndinayang'ana buku. Ndinali ndi mawu pakamwa, koma ndinaganiza: nanga ukakana? Nanga ndikamulonjeza, ba Mohamedi n'kuleka zonse, kenaka iwe n'kulemba kuti ayi? Akagona kuti? Sindilonjeza chinthu chimene si changa. Choncho sindinamuuze chilichonse, ngakhale zoti ndakulembera.

Pondiperekeza mpaka pa chitseko, pamene eda imamulola kufika, Mwanajuma anafunsa ngati ndili ndi chomuuza. Ndinati azitseka zenera, mphepo ya Ogasiti ndi yoipa.

Kwatsala masiku makumi awiri. Uyankhe ndi liwu limodzi lokha, inde kapena ayi, ubwezere ba Ketty omwewo.

Edna


Francistown
9 Sepitembala 1996

Ba sisi,

Ba Ketty banipatsa kalata yanu dzulo. Ati mabulangete kuno yanadula, so banapitirira ku Joni, kalata ili mu chola masabata yawiri na hafu. Nayesa kutuma foni kusukulu kwanu kasanu, siilira.

INDE. Inde, inde. Ba sisi, munali kupempha chani? Ija ni nyumba ya ba tata. Munabadwiramo, munasungiramo ba mayo mpaka kufa, ine ninangopereka ndalama chifukwa nili kwamene ndalama ili na mphamvu. Mipando gulisani olo muyatse nayo mbaula, nilibe nayo ntchito. Mukanamutenga chabe tsiku yamene ija, ine mukaniuza pambuyo, nikanakamba chani?

Yendani manje manje mukamutenge. Natuma na ekisipuresi.

Gloria


Namwera
2 Okutobala 1996

Edna mnzanga,

Salamu. Nikhulupirira uli bwino na chifuwa chako. Ine ninafika. Tinagona ku Chipata, tinagona ku Lilongwe, tsiku yachitatu ndiye kuno. Mutu wa makina ninaunyamula pa miyendo njira yonse. Wafika bwino, koma kuno kulibe ofuna kuchepesa masiketi.

Bamama bang'ono banilandira. Ni anthu abwino. Chiyao chao nimvera pang'ono, bakakamba mofulumira nimwetulira chabe. Ku Kanyama tinali a ku Malawi. Kuno banitcha wa ku Zambia. Ukumbukira anthu ba mu buku? Ni vamene vija.

Kuli bambo wina ali na sitolo ku msika, mkazi wake adwaladwala. Bakambirana kale. Nikaha, ndiye chikwati changa na yeve, izakhala pa 8 Novembala. Sinimuziwa, namuona kamodzi, ali na mano yonse.

Edna, nifuna kukuuza chinthu chimodzi, usakwiye. Tsamba ija unaniwerengera katatu. Ine ninaganiza uniuza mochenjera, monga mwamene ukambira vinthu iwe. Ninaganiza uyembekeza eda isile. Pa 9 ninamanga katundu, ninauza ba Thuwaiba ba pa nyumba inayo kuti niyenda ku Matero chabe, makasitoma bakabwera baziwalozera. Pa 10 ninasamba, ninavala chitenge cha maluwa, ninakhala panja koyamba, kuyang'ana ku msewu. Unabwera masana, 14 awazi. Unanipatsa fulasiki, Panado, na pepala yamene unalemba vochita pa boda, wani mpaka naini. Pepala inanithandiza, zikomo. Pa 12 tinakwera basi.

Sinikuimba mlandu. Na ine sininapemphe. Ninaona mwina nyumba ya ba Gloria ili na malamulo, olo mwina Msilamu mu nyumba ni vovuta ku tchalitchi.

Buku nasiya kwa ba Thuwaiba, ukatenge. Naisokera kava ya nsalu ya jini kuti masamba yasathothoke. Unali kudandaula kuti sitiziwa mapeto. Ine niziwa. Kafupi anakwera. Munthu akabwera mpaka pa geti na kutsegula chitseko, sufunsa kuti tizagona kuti.

Ukafuna kulemba, lemba ku adiresi ya mzikiti ili kumbuyo kwa envulopu.

Ndine mnzako,
Mwanajuma


Matero, Lusaka
27 Okutobala 1996

Wokondedwa Gloria,

Ndikhulupirira uli bwino. Pepa kuti ndakhala chete. Kalata yako ya ekisipuresi inafika pa 17 Sepitembala. Mwanajuma anali atapita pa 12.

Chipinda ndinakonzabe. Mipando ndaimika, firiji ili kwanga, pansi ndapaka polishi. Ndinakatenga buku ku Kanyama. M'nyumba muja muli kale anthu ena, aika kantemba kogulitsiramo zinthu pakhomo. Chikuto cha bukulo Mwanajuma anasoka bwino kwambiri, mizere iwiri ya ulusi wachikasu ngati ya majini enieni. Sindinalitsegule. Mafomu a ku Tutume ali m'sutikesi, sindinalembe.

Mwanajuma wandilembera kuchokera ku Namwera. Akumukwatitsa pa 8 Novembala, Lachisanu, kwa munthu amene wamuona kamodzi. Ndaikamo kope la kalata yake kuti uwerenge wekha, chifukwa ine sindingathe kuifotokoza.

Ndikufuna kumulembera kuti abwere, chipinda chilipo. Ndinaganizanso zongokwera basi ya ku Chipata, koma ana anga a Giredi 7 alemba mayeso sabata yamawa, ndipo pasipoti yanga inatha mu Marichi. Kalatayo ndalemba kanayi. Yoyamba inali yaitali. Yachiwiri inkamveka ngati ndikudziikira kumbuyo. Yachitatu inali ndi liwu limodzi lokha lija la pa tsamba 188, koma ndinaona kuti ikatsegulidwa ku mzikiti anthu sangaimvetse, mwinanso ingamuike m'mavuto. Pali zambiri zofunika kuziganizira. Sindikudziwa ngati mapepala amene anadutsira pa malire amalola kubwerera. Sindikudziwa ngati ba Mohamedi angaone ngati ndawanyoza pamaso pa abale awo. Ndipo mwina pofika pano wayamba kuzolowera, ine n'kumusokoneza.

Yachinayi ndaiika muno. Chonde uiwerenge modekha, uone ngati mawu ake ali bwino, makamaka ndime yachiwiri. Makalata athu amatenga masiku khumi ndi awiri kupita, khumi ndi awiri kubwera, akafulumira. Ukati ili bwino, undibwezere, ndipo ndidzaitumiza tsiku lomwelo.

Ndine mkulu wako,
Edna